Akavalo Osadya Udzu ndi Aneneri Awo

Akuluakulu amene anasaina zilolezo zakuti nyumba za juga zitsegulidwe pa misika ya kumudzi, napita kwawo kukagona tulo tabwino, akadayenera kudzakhala tsiku limodzi pa Mitundu kapena pa Nathenje m'nyengo imene ndalama za fodya zimabwera kuchokera ku okushoni ya ku Kanengo, kuti aone ndi maso awo mwamuna amene anafesa nazale, nawokera, nathyola, nasoka, namanga belo, ataima kukamwa kuli yasa pamaso pa akavalo othamanga pa kanema, akavalo opanda khola, osadya udzu, obadwa m'mimba mwa kompyuta.

Mpikisano wa akavalo si nkhani yachilendo kwa ife monga ena ayesera. Makolo athu amene anapita ku Joni pa Wenela, kufikira boma litaletsa ulendowo mu 1974, anaupeza mpikisanowo uli ndi imvi kale, pakuti bwalo la Turffontein, kumwera kwa Johannesburg, linayamba mu 1887, mzindawo uli wakhanda. Ndipo a ku Salisbury anamva mbiri ya bwalo la Borrowdale, limene lilipo kufikira lero ku Harare. Kumeneko kavalo anali ndi dzina, ndi atate ake, ndi amake, ndi wokwerapo wodziwika. Munthu ankatha kupenya miyendo yake, ndi kufunsa ngati mvula yafewetsa nthaka. Komabe ngakhale kumeneko, kumene nzeru inali ndi pogwira, mwini juga ankayamba wachotsa gawo lake asanagawire opambana, kotero kuti khamu lonse pamodzi linkabwerera ndi zochepa kuposa zimene linadza nazo.

Nanga tsono mneneri wa pa Mitundu, amene agulitsa manambala pa WhatsApp nalumbira kuti kavalo wake sagwa, apenya miyendo ya yani? Wodziwa kavalo wopambana sagulitsa chinsinsi chake pa mtengo wa mbale ya chipisi. Akadagulitsa njinga, mbuzi ndi malata a nyumba, nabetcha yekha mwakachetechete. Machenjera ake ndi akale ndithu: kwa uyu anena kavalo woyamba, kwa uyo wachiwiri, kwa winayo wachitatu, ndipo popeza mmodzi ayenera kupambana basi, amene mwayi wamugwera asanduka mboni yolalikira msika wonse, pamene odyedwawo abisa matikiti awo ndi manyazi. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Koma tamverani anzeru a mu mzinda, a mataye awo, mmene atitonthozera. Ati juga ibweretsa msonkho. Inde, ibweretsa, ndipo tiyenera kuomba m'manja kuti ndalama ya feteleza ya mayi wa ku Nathenje, imene mwana wake wa kabaza waitaya pa juga ya kandege, yafika ku thumba la boma itatsala nyenyeswa. Ati ilemba anthu ntchito. Kalanga ine, msungwana mmodzi wodinda matikiti, ndi mlonda womuyang'anira! Ati alemba pakhoma kuti munthu abetche mosamala, ndiponso kuti wosakwana zaka 18 asalowe, ngati kuti foni imafunsa mwana chiphaso asanagwire ya amalume ake. Ndipo pomaliza, atatha mawu onse, ati munthu wamkulu ali ndi ufulu wochita chimene afuna ndi ndalama yake, mawu okoma ndithu m'kamwa mwa munthu amene malipiro ake amadza mwezi ndi mwezi, osati kamodzi pa chaka.

Ndifunsanso, pakuti palibe wandiyankha: ngati nambala yopambana ikadadziwika, ndani akadaigulitsa? Ngati nyumbazo zikadamaluza, ndani akadazimanga, nazipaka utoto wowala chotere pakati pa magolosale ofumbira? Mneneri adya, mwini nyumba adya, wa msonkho adya, ndipo wolipira phwando lonselo ndi mmodzi yekha, amene nkhokwe yake idzakhala pululu mu Januwale.

Inu mafumu athu, a Gulupu ndi a Nyakwawa, amene mumatha kuletsa mowa tsiku la maliro mudzi wonse n'kumvera, itanani opereka zilolezowo adzayankhe pabwalo, nyengo ya fodya isanafikenso.