Fodya Si Golide

Abale, alipo mawu amene atilemetsa makutu, akuti fodya ndiye golide wa dziko lino. Ife tikana ndithu.

Taonani Mauritius, kachisumbu ka kum'mawa kwa Madagascar. Pamene anthu ake analandira ufulu mu 1968, magawo 9 mwa 10 a malonda awo akunja anali shuga yekha. Koma mu 1970 anaika lamulo lakuti omanga mafakitale aitanitse ulusi ndi makina osapereka msonkho, ndipo eni minda ya nzimbe anathira phindu lawo m'nyumba zosokeramo zovala. Zaka za m'ma 1980 zisanathe, zovala zinapambana shuga. Anawonjezaponso nsomba za m'zitini.

Nanga ife? Ufulu tinaulandira mu 1964, patsogolo pa iwo, tili nazo tiyi, mtedza ndi thonje pambali pa fodya. Chinkana tero, zaka zambiri zotsatira fodya yekha wabweretsa theka la ndalama zakunja, pena kuposa. Chotero ogula akatsitsa mtengo ku Kanengo, ndalama zakunja zichepa, ndipo feteleza adula kufikira kwa iye amene sanabzalepo fodya. Ndipo thonje lambiri la ku Chikwawa lituluka m'dziko lisanaombedwe nsalu, eni ake akuvala kaunjika.