Nchito ya ku Britain Sigulidwa ndi Ng'ombe

M'midzi yambiri ya kum'mawa, kuyambira ku Petauke kukafika ku Lundazi, muli anyamata ndi atsikana amene anatsiriza maphunziro a unamwino pa sukulu monga za ku Chipata, Katete ndi Mwami, koma akali kukhala pakhomo pa makolo ao. Boma linalemba anchito a zaumoyo oposa 11,000 m'caka ca 2022, komabe ofuna nchito anacuruka kuposa malo amene analipo. Motero maso a ambiri apenya kutsidya kwa nyanja, makamaka ku Britain, ndipo pamabwalo pamveka mau akuti mwana wa mu Zambia sangavutike kumeneko cifukwa Cingerezi anaciyamba akali wamng'ono. Mau amenewa ndi okoma m'khutu, koma angathe kugulitsitsa ng'ombe za banja lonse pacabe.

Nzoona kuti Cingerezi ndico cilankhulo ca boma m'dziko lino, ndipo namwino aliyense anaphunzira nchito yake m'cilankhulo cimeneci. Koma boma la Britain lili ndi mndandanda wake wa maiko amene liwayesa eni ake a Cingerezi. Pamndandandapo pali Jamaica, Barbados, Canada ndi Australia. Palibe dziko la mu Africa ngakhale limodzi. Wina angadandaule kuti cimeneci si cilungamo, ndipo dandaulo lake lingakhale lomveka, koma akulu anati kwa eni kulibe mkuwe. Bungwe loyang'anira anamwino ku Britain, la Nursing and Midwifery Council, kawirikawiri lifuna kuti namwino wa kunja alembe mayeso a Cingerezi ochedwa IELTS kapena ena ochedwa OET. Pa IELTS lifuna mamaki 7 pa kumva, kuwerenga ndi kulankhula, ndi 6.5 pa kulemba. Mayesowa alipiridwa nthawi iliyonse imene munthu awalemba, ndipo zotsatira zake zigwira nchito kwa zaka ziwiri cabe. Munthu angathe kulankhula Cingerezi cosalala ndi madokotala tsiku ndi tsiku, koma nakagwa pa kulemba nkhani mothamangitsana ndi nthawi.

Atapambana pamenepo, ulendo ungoyamba kumene. Pali mayeso a unamwino olemba pa kompyuta. Pali mapepala amene bungwe la anamwino la kuno, Nursing and Midwifery Council of Zambia, liyenera kutsimikizira kuti mwini wake ndi namwino weniweni wopanda mlandu. Pali kupimidwa cifuwa ca TB. Pali kalata yocokera kwa wolemba nchito wa ku Britain, imene popanda iyo cilolezo colowera m'dzikomo sicituluka. Ndipo akafika kumeneko amuyembekeza mayeso ena a nchito ya manja, ochedwa OSCE, amene acitikira m'mizinda monga Northampton ndi Leeds. Kufikira atapambana mayeso amenewa, iye sayesedwa namwino wokwanira, ngakhale anagwira nchito zaka khumi pacipatala ca boma.

Njira imeneyi ndi yaitali, koma ndi yodziwika, ndipo ndalama iliyonse ili ndi ofesi yake kumene ilipiridwa. Tsoka libwera pamene pakati pa banja ndi njirayo paima munthu wa jekete labwino ndi foni ziwiri, wonena kuti ali ndi abale ku Manchester ndipo angathe kufupikitsa zonse ngati alandira ndalama zakuti-zakuti.

Makolo ayenera kudziwa zimene munthu wotere sadzawauza. M'caka ca 2023 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linaika Zambia, pamodzi ndi Zimbabwe, pa mndandanda wa maiko 55 amene ali ndi anchito a zaumoyo ocepa kwambiri. Malawi ndi Mozambique analipo kale. Malamulo a kalembedwe ka anchito a zaumoyo ku Britain atsata mndandanda umenewu, ndipo aletsa zipatala ndi makampani ofunira anthu nchito kubwera kudzakopa anamwino m'maiko amenewa. Namwino saletsedwa kupita. Angathe kulembera yekha ku cipatala cimene calengeza malo. Koma munthu woyendayenda m'maboma ndi mafomu, nati watumidwa ndi cipatala ca ku Britain kudzasonkhanitsa anamwino, anena bodza kapena aphwanya malamulo a dziko lomwe alichulalo. Ndiponso lamulo la Britain la caka ca 1973 siliola kampani yofunira anthu nchito kulipiritsa wofuna nchitoyo. Wolipira ndi wolemba nchito.

Zimene zinacitika pa nchito yosamalira nkhalamba zikwanira kukhala cenjezo. M'mwezi wa February 2022 boma la Britain linatsegula khomo kwa anthu a kunja ofuna nchito imeneyi, imene sifuna maphunziro ozama. Anthu ocuruka a ku Africa ndi ku Asia anathamangira khomolo, ena a iwo anamwino ndi aphunzitsi a madipuloma amene anavomera kutsika pansi kuti angoponda m'dzikomo. Akathyali anayamba kugulitsa makalata a nchito pa mtengo waukulu. Ena mwa ogulawo anafika napeza kuti nchito kulibe, kapena ilipo ya maola owerengeka osakwanira kulipira ngakhale cipinda cogonamo. Boma la Britain lenilenilo linalengeza kuti pakati pa July 2022 ndi December 2024 linalanda zilolezo za makampani oposa 470, ndipo anchito oposa 39,000 anakhudzidwa. Mu March 2024 linaletsa osamalira nkhalamba atsopano kutenga akazi, amuna kapena ana ao, ndipo pa 22 July 2025 linatsekeratu khomolo kwa anthu ocokera kunja. Wogulitsa nchito yosamalira nkhalamba ku Britain kwa munthu wa ku Chadiza agulitsa kiyi wa nyumba imene inagumulidwa.

Ulendo wofuna nchito kutali si wacilendo kum'mawa. Agogo a acinyamata a lero anayenda pansi kupita ku Salisbury, ku Wankie ndi ku Joni kukafuna ndalama ya msonkho; ena anabwerako ndi njinga ndi mabulangete, ena anasanduka machona. Palibe angadzudzule mwana wophunzira pofuna malipiro oyenera thukuta lake, ngakhale kuti namwino mmodzi akacoka pa kacipatala ka kumudzi, amai apakati a midzi yambiri amva kucoka kwake. Cosiyana ncakuti agogowo ananyamuka ndi kamba wa pa ulendo cabe. Wa lero anyamuka ndi ngongole, ndipo cikole cake ndi khola la atate ake.

Pamenepa Unduna wa Zanchito uli ndi udindo. Lamulo la nchito la caka ca 2019 lifuna kuti kampani iliyonse yofunira anthu nchito ikhale ndi cilolezo, ndipo maina a makampani otere ayenera kumveka pa wailesi m'zilankhulo za anthu, osati kukhala m'mafaelo a ku Lusaka cabe. Mafumu ndi anyakwawa naonso ali ndi mphamvu yofunsa mlendo aliyense wobwera ndi malonjezo kuti aonetse cilolezo cake asanakhale pa mphasa.

Ndipo banja lisanamasule ng'ombe, lifunse dzina la cipatala cimene akuti capereka nchito. Boma la Britain lisindikiza pa intaneti maina onse a olemba nchito amene ali ndi cilolezo coitana anthu a kunja, ndipo kuona mndandandawo ndi kwaulere. Mwana yemweyo wofuna ulendo angathe kuufufuza pa foni yake, nalembera cipatalaco kalata yofunsa ngati cimdziwa munthu amene afuna ndalamayo.