Galimoto ikatitimira, khasu litsogole chingwe

Kuyambira mu Novembala mpaka mu Epulo, pamene mvula imagwa m'dziko muno, misewu yambiri yadothi imavuta kudutsa, makamaka ku Chikwawa, ku Nsanje ndi m'chigwa cha Phalombe, kumene kuli dothi lakuda la makande, limene limang'aluka m'chilimwe koma likanyowa limafufuma n'kumata m'mizera ya tayala mpaka tayalalo kusalala. Magalimoto amene amatitimira m'misewu imeneyi kawirikawiri amakhala maambulansi, malole a feteleza ndi chimanga, kapena matola odzaza anthu, choncho aliyense amafuna kuti galimoto ituluke msanga. Phuma limenelo ndi limene limavulaza anthu, pakuti galimoto yotitimira imangokhala chilili osapweteka munthu, pomwe ntchito yoitulutsa ikachitika mosasamala imatha kupha.

Dalaivala akamva kuti matayala ayamba kuzungulira pamodzimodzi, ayenera kuchotsa phazi pamafuta nthawi yomweyo, chifukwa tayala lozungulira chotero limadzikumbira dzenje, ndipo posakhalitsa galimoto imakhala pansi ndi mimba, kulemera kwake kusalinso pamatayala. Palinso chifukwa china chimene ambiri sachidziwa. Pakati pa matayala awiri pali difu, chipangizo chimene chimalola tayala limodzi kuzungulira mofulumira kuposa linzake pokhota, ndipo m'matope chipangizochi chimachititsa kuti tayala loterereka lizizungulira lokha, lija laponda polimba litangoima. N'chifukwa chake ngakhale Land Cruiser kapena Hilux, imene imakoka ndi matayala onse anayi, imatha kutitimira, makamaka ngati ilibe chokhomera difu chimene chimakakamiza matayala awiriwo kuzungulira pamodzi. Dalaivala wanzeru amatsika, kuzungulira galimoto, kusuzumira pansi kuti aone chimene chagwira, ndipo nthawi zambiri amapeza kuti kubwerera m'mbuyo, mmene matayala atsendera kale, n'kosavuta kuposa kupitirira.

Ntchito yeniyeni imayamba ndi kupeputsa galimoto, anthu ndi katundu yense atsike, kenako khasu ndi fosholo zigwire ntchito. Pofunika kukumba ndi kutsogolo kwa tayala lililonse kumbali imene galimoto itulukire, kuti pakhale kachitunda kotsetsereka m'malo mwa khoma, ndiponso pansi pa difu ndi pamimba ponse mpaka kuwala kuoneke mbali ina. Kuphwetsa matayala pang'ono kumathandiza kwambiri, chifukwa tayala la mpweya wochepa limaponda malo otalikirapo ndipo silimira msanga: limene limayenda ndi mpweya wa 2.5 bar likhoza kutsitsidwa kufika pa 1.5, ndipo pamchenga wa m'mphepete mwa nyanja ngakhale pa 1.2, koma kutsitsa mopitirira kumachititsa tayala kuvuka pa limu. Ngati tayala lamira kwambiri, jeke imakhazikidwa pathabwa lalikulu lochindikala kuti isalowe m'dothi, tayala limanyamulidwa, ndipo dzenje limakwiriridwa ndi miyala ndi nthambi zokankhidwa ndi ndodo, osati ndi dzanja, pakuti jeke ya pamatope imagwa mosachenjeza ndipo munthu sayenera kulowetsa mkono kapena mutu pansi pa galimoto yotero.

Ena amaona kukumba ngati kutaya nthawi pamene thirakitala ili pafupi, koma masamu ake amatsutsa maganizo amenewo. Mabuku ophunzitsira asilikali a ku America amawerengera kuti galimoto yomira mpaka matayala imafuna mphamvu yofanana ndi kulemera kwake kuti izuke, yomira mpaka pamwamba pa matayala imafuna kuwirikiza kawiri, ndipo yomira mpaka pokhala dalaivala imafuna kuwirikiza katatu. Ndiye kuti galimoto ya matani 3 yomira kwambiri ikhoza kufuna mphamvu ya matani 6 kapena kuposa, chifukwa matope amaiyamwa kunsi, ndipo mphamvu yonseyo imadutsa m'chingwe ndi m'kachitsulo kamene chingwecho chakoledwa. Khasu lililonse la dothi limene lachotsedwa limachepetsa katundu amene chingwe chidzasenze.

Pa chingwe m'pamene pagona ngozi yaikulu. Tcheni ndi waya sizitamuka, choncho ndi zokokera pang'onopang'ono zitakungika kale, ndipo kuthamangitsa galimoto yokoka kuti igwedeze inzake ndi tcheni kumadula tcheniyo kapena kuzula chitsulo. Lamba wa nayiloni wopangidwira ntchitoyi amatamuka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a kutalika kwake, amasunga mphamvu n'kuibweza mofewa, koma kutamukako ndi kumenenso kumamusandutsa legeni ngati pokolapo pathyoka, chitsulo chothyokacho n'kukhala mwala wake. Chitsulo chobulungira cha kumbuyo chokokera thirela sichinapangidwire kugwedezedwa, ndipo m'maiko ngati Australia ndi America anthu afa chitathyoka n'kuboola galasi la galimoto. Timphete ting'onoting'ono ta pansi pa magalimoto ambiri ochokera ku Japan sitiyeneranso kudaliridwa, popeza ntchito yake inali yomangirira galimoto m'sitima ya panyanja. Bampala, zitsulo za chiwongolero ndi ekiselo nazonso si pokola chingwe. Malo oyenera ndi ngowe yolimba yomangidwa ndi mabawuti ku chimango cha galimoto. Malamba awiri asalumikizidwe ndi chitsulo chilichonse, ndipo pakati pa chingwe paikidwe bulangete lolemera kapena chiguduli chonyowa kuti chikaduka chigwere pansi m'malo mokwapula anthu.

Anthu amene ali pachiswe si eni galimoto okha ayi, komanso a m'mudzi amene abwera kudzathandiza, anyamata ofuna ganyu yokankha, ndi ana amene amaunjikana pafupi kuti aonerere. Iwowa sanauzidwepo kuti chingwe chokungika chimapha, ndipo udindo wowauza uli pa dalaivala, yemwe sayenera kuyamba kukoka asanaone kuti aliyense wasunthira kumbali, patali kuposa utali wa chingwe ndi theka lake. Palibe wololedwa kuima pakati pa magalimoto awiriwo, kulumpha chingwe chokoledwa, kapena kukankha ataima kumbuyo kwenikweni kwa tayala, kumene miyala ndi matabwa zimafwanthukira tayala likagwira mwadzidzidzi. Wolamula akhale mmodzi, woonekera kwa madalaivala onse awiri, chifukwa anthu khumi akamakuwa nthawi imodzi, wina akuti "koka" wina akuti "ima", mawu ochenjeza samveka. Ngati pali winchi, makina okulunga waya omangidwa kutsogolo kwa galimoto, malamulo ake ndi omwewo, kuwonjezapo kuti pa mtengo pakulungidwe lamba wotambalala osati waya, ndiponso kuti waya wotsala pagudumu lake asachepere mizere isanu.

Kukoka koyamba kukhale kofatsa, magalimoto onse ali m'giya yotsika ndiponso atalunjikana, ndipo kukalephera kawiri kapena katatu yankho ndi kubwerera ku khasu, osati kuonjezera liwiro. Galimoto imene injini yake yazimira m'madzi isalizidwe, chifukwa madzi olowa m'injini sapanikizika ngati mpweya ndipo amapinda zitsulo za mkati. Galimoto ikafika pouma, mabuleki ayesedwe pang'onopang'ono popeza amakhala atanyowa ndi kulowa matope, maenje amene akumbidwa akwiriridwe kuti wa njinga wobwera usiku asagweremo, ndipo matayala apopedwe asanafike pamsewu wa phula, pakuti tayala lophwa likathamanga limatentha mpaka kuphulika.