Nkoloko Zopima Mtima: Kodi Zithandiza a M'midzi?

Matenda a kugunda kwa mtima kosalongosoka, amene adotolo amawacha atrial fibrillation, akuculuka pa dziko lapansi. Ciwerengero ca m'caka ca 2019 cinaonetsa kuti anthu pafupifupi 60 miliyoni anali ndi bvutoli, makamaka okalamba ndi a matenda a BP.

Pa matendawa zipinda ziwiri za kumtunda kwa mtima zimangonjenjemera m'malo mopopa bwino, ndipo magazi amaundana m'menemo. Magazi oundanawo akakatseka mtsempha wa mu ubongo, munthu amafa ziwalo kapena kuleka kulankhula. Ngoziyi imaculuka kasanu kwa wodwala matendawa, komabe ambiri samva kanthu m'thupi kufikira atagwa.

Ndico cifukwa cake makampani akupanga nkoloko za pa mkono zowerenga kagundidwe ka mtima. Mu 2019 yunivesite ya Stanford ku America inaulutsa zotsatira za kufufuza kwake pa anthu 419,297 obvala nkoloko ya Apple. Nkolokoyo inacenjeza anthu 2,161. Pa anthu 450 amene anapimidwanso ndi makina a ECG, mmodzi mwa atatu alionse anapezeka ndi matendawa. Motero nkoloko imangocenjeza. Wotsimikizira ndi dotolo. Mu 2022 bungwe la akatswiri a zaumoyo ku America komweko linati panalibe umboni wokwanira woti kupima akulu-akulu onse osamva kudwala kumapindulitsa.

Kuno ku Africa matendawa amagwiranso acinyamata amene mtima wao unaonongeka cifukwa ca zironda za pakhosi zosacizidwa paubwana. Kwa mlimi wa ku Katete kapena ku Lundazi nkoloko yotere ndi yodula, ndipo ngakhale ataigula, cenjezo lake lilibe phindu ngati palibe makina a ECG ndi mankhwala oletsa magazi kuundana, monga warfarin, amene amafuna kupimitsa magazi kawiri-kawiri.

Komabe njira yosalira ndalama ilipo. Munthu atakhala pansi, aike zala ziwiri pa mtsempha wa pa mkono, m'munsi mwa cala cacikuru, namvetsere kwa mphindi imodzi. Ngati mtima ukudumpha-dumpha, kapena munthuyo amatopa msanga ndi kucita befu, apite ku kiliniki osacedwa. Akulu apimitse BP, ndipo mwana wodwala pakhosi asangomusunga kunyumba. Kupewa kumaposa kuciza.