Nawo mawu a agogo anali chinenero cha achinyamata



Sabata yatha pamsika wa Entre Lagos ndinamva mayi wina akukalipira mnyamata wake chifukwa chonena kuti, "Mola yatha, ine ndikubazari." Amati ana a masiku ano awononga Chinyanja. Nditafunsa mtengo wa tomato, mayi yemweyo anati, "Mulu ndi makontu makumi awiri, aphunzitsi." Ndinaseka chamumtima.

Kontuyo ndi wa Apwitikizi, ankatanthauza maeskudo 1000. Metikali itabwera mu 1980 mawuwo sanachoke. Mu 2006 boma linachotsa maziro atatu pandalama, koma mpaka lero metikali imodzi timaitchabe kontu. Ndiye kontu ndi Chinyanja chabwino, mola ndiye woononga? Kusiyana kwake n'kwakuti wina wakalamba nafe, wina wangofika dzulo.

Inenso alipo mawu amene ndimawasowa. Agogo anga ankawerenga ndalama za kutsidya kwa Nayuchi m'matiki ndi m'masheleni, ngakhale kwacha inali italowa kale mu 1971. Munthu wopita ku Joni kapena ku Halale n'kusabwerera ankamutcha mtchona. Akatchula chibalo, nkhope inkasintha. Amayi anga zovala zogula pamulu amati kalamidadi, dzina lochokera ku thandizo la nthawi ya nkhondo ndi njala, pomwe azakhali amene anabwerako ku Malawi nkhondo itatha mu 1992 amati kaunjika.

Taonani bwino mawu amenewa. Ambiri sanabadwire m'mudzi. Anabwera ndi ulendo wa kumigodi, ndi atsamunda, ndi nkhondo, ndi njanji imene inatilumikiza ndi Malawi mu 1970. Ngakhale "aise" amene madala amaitanirana pabawo ndi Chingelezi chopindidwa. Anayamba kuwalankhula ndi anyamata a nthawiyo, ndipo sindikayika kuti akulu awo ankadandaula ngati mayi wa tomato uja. Kuno Chinyanja chimagona nyumba imodzi ndi Chiyao, Chimakhuwa ndi Chipwitikizi. Sichinakhalepo chokha.

Pamene makolo akunena zoona ndi pa ulemu. Mwana wonena "bho" kwa mnzake ndilibe naye mlandu. Koma akalowa m'nyumba n'kunena "bho kota" kwa agogo ake, kapena kuwaitana kuti "iwe," pamenepo tim'khazike pansi. Chofunika kuphunzitsa n'chakuti mawu aliwonse ali ndi bwalo lake.

Chimene chimandiopsa ine n'china. Tsiku lina ndinafunsa m'kalasi kuti mtchona ndani. Palibe anakweza dzanja. Komatu ambiri mwa anawo ali ndi amalume ku Johannesburg amene anasiya kuimba foni kalekale. Vutolo akadali nalo, koma dzina lake alibe, ndipo sadziwa kuti agogo awo analira misozi yomweyo. Mawu akafa popanda wowafunsa, amapita ndi mbiri ya banja.

Ndiye ndinawapatsa ntchito ya kunyumba: aliyense abwere ndi mawu atatu a agogo ndi nkhani yake, ndiponso awaphunzitse agogowo mawu atatu a anzake. Mawa lake kalasi inali phokoso lokhalokha, ngakhale ana amene sayankhula konse anali ndi chonena. Mtsikana wina anati agogo ake anamusunga mpaka moto kuzima, akumufotokozera za ulendo wapansi wopita ku Halale.

Kuyambira 2003 sukulu za m'dziko muno zili ndi mpata wophunzitsa m'zilankhulo zathu. Tisauwonongere pa kufufuta mawu a ana ndi cholembera chofiira. Aphunzitsi a ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba, yesani ntchito imeneyi sabata ino. Makolo, mwana akakufunsani, musamuthamangitse.

Nanga kwanuko, ndi mawu ati amene munawamva komaliza pakamwa pa agogo?