Giza ya sola ku Zingwangwa: yambani mwafunsa za mpopi ndi denga

Aliyense wogulitsa giza ya sola ku Limbe kapena m'tauni ya Blantyre adzakuuzani kuti dzuwa ndi laulere. Sakunama. Koma munthu wa ku Zingwangwa amene wafikira kufunsa mtengo wa giza wayambira nkhani pakati. Mafunso oyamba ndi awiri: pampopi panu madzi amatuluka masiku angati pa sabata, ndipo denga lomwe mukufuna kukwezapo chipangizocho ndi la ndani?

Kuti chipangizochi ndi chanzeru sindikutsutsa, ndipo masamu ake ndi osavuta ngakhale kwa ife omwe tidathawa masamu titangolemba MSCE. Kutenthetsa malita 100 a madzi kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60 kumadya mayunitsi a magetsi pafupifupi asanu. Banja lochita zimenezi tsiku ndi tsiku lathera mayunitsi pafupifupi 140 pamwezi pa madzi osamba okha, lisanaphike nsima, lisanasite malaya. Magetsiwonso ndi aja tikuwadziwa. Ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo padadutsa chaka ndi miyezi makina onse asanayambenso kuzungulira. Amene adali ndi giza yamagetsi nthawi imeneyo adali ndi mgolo wa madzi ozizira kudenga.

Komabe mabanja ambiri ku Zingwangwa satenthetsa madzi ndi magetsi. Amateleka poto pambaula. Makala ake ndi aja amakwera pa njinga kuchokera ku Neno ndi ku Mwanza kudzera pa Zalewa, chifukwa mitengo ya pafupi tidamaliza kalekale. Yang'anani phiri la Ndirande. Yang'anani la Soche, lomwe mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe Freddy, lidakhuthulira matope ndi miyala pa anansi athu a ku Chilobwe. Sindikunena kuti madzi osamba ndiwo adagumula phiri. Ndikungoti poto aliyense wa m'mawa ali ndi mtengo wake umene udagwa kwinakwake.

Palinso chinthu chimene ogulitsa satchula chifukwa sichilembedwa pa lisiti. Amene amadzuka 4 koloko kukoleza mbaula kuti bambo asambe otentha popita kuntchito si bamboyo. Ndi mayi, kapena mtsikana wa pasukulu, kapena mwana wa achibale amene adabwera kuchokera kumudzi kuti adzaphunzire. Ola limenelo ndi tulo take, ndi nthawi yake yowerenga, ndipo utsi wa makala amapuma ndi iyeyo. Mabanja akamawerengera ngati giza ingabweze ndalama zake amawerengera matumba a makala basi, ngati kuti nthawi ya mtsikanayo ndi yaulere ngati dzuwa lija.

Nanga chikuvuta n'chiyani? Tiyambe ndi mmene imagwirira ntchito, poti ambiri amaisokoneza ndi mapanelo a sola otchajira foni ndi kuyatsa mababu. Giza ya sola sipanga magetsi. Mtundu wofala ndi uja wa machubu agalasi ondandalikana, thanki yake itagona chopingasa pamwamba pawo. Chubu chilichonse chili ndi magalasi awiri, ndipo mpweya wa pakati pawo adaupopa, monga zimakhalira mu fulasiki ya tiyi, kuti kutentha kukalowa kusathawe. Madzi akatentha amapepuka n'kukwera okha kupita m'thanki, ozizira n'kutsikira m'machubu. Palibe pampu, palibe batire. Mtundu wina ndi wa bokosi lafulati lokhala ndi mapaipi akopa pansi pa galasi. Ndi wolimba koma kawirikawiri wokwera mtengo.

Vuto loyamba lagona pa machubu aja. Amafuna kukhala ndi madzi nthawi zonse. Madzi ambiri omwe timamwa mu Blantyre bungwe la Blantyre Water Board limawapopa kuchokera ku Walker's Ferry pa Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, n'kuwakweza mamita pafupifupi 800 kuti afike mumzinda. Mapampuwo amayendera magetsi. Choncho magetsi akavuta madzi nawo amavuta, ndipo nyumba za kumtunda ndizo zimayamba kuuma mipopi. Tsono taganizani giza imene yaphwa madzi masana a mwezi wa Okotobala. Machubu opanda kanthu amatentha koopsa, kuposa madzi owira. Madzi ozizira akangobwera mwadzidzidzi n'kulowa m'galasi lotentha chonchi, galasilo limasweka. Pa magiza otsika mtengo, omwe madzi amalowa m'chubu mwenimwenimo, chubu chimodzi chikasweka thanki yonse imakhuthukira pamalata.

N'chifukwa chake ndikuti ku Zingwangwa chogula choyamba si giza, ndi thanki yosungira madzi ozizira, yoikidwa pa sitandi yotalika kuposa gizayo kuti madzi azitsikira okha. Wogulitsa amene sadakufunseni za madzi a kwanu akufuna ndalama zanu zokha. Ngati madzi aphwa ndithu, tsekani paipi yolowetsa madzi, phimbani machubu, ndipo mudzadzaze m'mamawa dzuwa lisanatuluke, galasi litazizira. Funsaninso za mphamvu ya madzi: giza ina idapangidwa kuti ilandire madzi othamanga a mpopi wa bodi, ina imafuna madzi ofatsa ochokera m'thanki, ndipo mukasemphanitsa imatupa kapena kudontha m'misoko.

Vuto lachiwiri ndi kulemera. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Giza ya malita 150 ikadzaza, kuphatikiza thanki, machubu ndi zitsulo zake, imafika makilogalamu 200, ngati matumba anayi a simenti atakhala pamalo amodzi chaka chonse. Madenga ambiri a kwathu kuno ndi malata opyapyala pa mitanda yomwe kalipentala adasankha poyang'ana thumba la mwini nyumba, ina chiswe chidalowamo kale. Si chamanyazi kuika giza pa sitandi yachitsulo pambali pa bafa. Denga silibooledwa, ndipo munthu amatha kupukuta fumbi pamachubu osakwera makwerero.

Iyang'ane kumpoto. Ife tili kummwera kwa equator, ndipo m'miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto. Mmisiri amene adaphunzirira ntchito pa mavidiyo a ku Ulaya kapena ku China akhoza kuilozetsa kummwera ndi mtima wonse. Onaninso mthunzi wa mtengo wa mango wa aneba mu Juni, osati mu Novembala.

Za Juni ndi Julayi tinene zoona. Chiperoni chikagwa, Blantyre imatha masiku atatu kapena anayi ili mu nkhungu ndi kamvula kowaza, ndipo nthawi yomwe thupi likufunitsitsa madzi otentha ndiyo giza imapereka ofunda chabe. Magiza ambiri ali ndi malo oikapo elementi yamagetsi yothandizira masiku oterewa. Iikidwe, koma ndi switchi yakeyake, chifukwa ikamangoyaka yokha usiku uliwonse mwagula giza yamagetsi yovala magalasi. Waya wake amange munthu amene ali ndi chiphaso cha MERA. M'chilimwe vuto limatembenuka: madzi amatentha mpaka kusupula khungu, choncho pakhomo pa ana pafunika valavu yosakaniza otentha ndi ozizira. Machubu apadera awiri kapena atatu mugulire limodzi tsiku lomwelo. Zonsezi zimachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tonse tidaona zimene zimachitikira mitengo ya katundu wakunja.

Tsopano funso la denga, lomwe kwa ife ophunzira ndi omwe angomaliza kumene maphunziro ndilo lalikulu. Ambirife tikangopeza kantchito timakachita lendi. Amene amagula makala ndi mayunitsi ndi wa lendi. Amene ali ndi denga ndi landilodi. Wa lendi sangakhomere chinthu chodula pa nyumba yomwe angatulutsidwemo ndi notisi ya mwezi umodzi. Landilodi naye alibe chomukakamiza, poti sasamba m'bafa imeneyo. Dzuwa likhoza kuwala mmene lingathere, malinga wolipira ndi wopindula ali anthu awiri osiyana, giza sikwera.

Maiko ena adathana nazo ndi lamulo. Israel idalamula mu 1980 kuti nyumba zatsopano zambiri zizikhala ndi zotenthetsera madzi za dzuwa, ndipo lero madenga a kumeneko adadzaza nazo. Kenya idayesa mu 2012, pa nyumba zogwiritsa ntchito madzi otentha opitirira malita 100 patsiku, koma kukakamiza eni nyumba kudavuta. Ife tikufanana kwambiri ndi Kenya kusiyana ndi Israel. Mumzinda womwe nyumba zambiri zimamangidwa popanda pulani yovomerezedwa ndi khonsolo, lamulo lotere lingangokhala njira ina yodyera ya oyendera nyumba.

Chimene ndikuona kuti chingatheke chili kale pamapuloti athu. Puloti imodzi imakhala ndi nyumba zinayi kapena zisanu, mpopi umodzi panja, bafa imodzi kapena ziwiri, ndipo bilu ya madzi timagawana kale pamutupamutu. Pamalo otere sipafunika magiza asanu. Pafunika thanki imodzi ndi giza imodzi yaikulu pambali pa bafa, ndi kampopi kotungira m'ndowa, poti ambiri timasamba m'ndowa osati pa shawa. Landilodi agule, awonjezere pa lendi ndalama yochepera imene banja limathera pa makala a madzi osamba, ndipo zilembedwe papepala. Iye wapeza nyumba yosasowa wolowamo, wa lendi wasunga kangachepe.

Wina anena kuti tikangana, wodzuka msanga azimaliza madzi. Zoona, tikangana, monga timakanganirana kale za woiwala kutseka mpopi ndi wochapa mabulangete a abale ake pa bilu ya tonse. Mikangano imeneyo mapuloti amaithetsa ndi lamulo lapakamwa: ndowa imodzi munthu mmodzi. Ndipo madzi a giza amakhala otentha kwambiri madzulo, dzuwa litawaphika tsiku lonse, choncho ena akamasamba pobwera kuntchito, a m'mawa amakhala ana asukulu ndi olawirira ku Limbe basi.