Marimu atsopano, koma chiwongolero chikunjenjemera

Madalaivala anzanga amandifunsa kawirikawiri: ndangoika marimu okongola, nanga bwanji chiwongolero chikunjenjemera ndikafika makilomita 80 kapena 100 pa ola? Ndimawauza kuti asathamangire kukalipira alayimenti, chifukwa nthawi zambiri vuto silikhala pamenepo.

Choyamba, mvetserani galimoto yanu. Chikamagwedera chiwongolero, vuto lili kutsogolo. Ukamagwedera mpando, lili kumbuyo. Zikamachitika pokhapokha mwaponda mabuleki, onani madisiki.

Kenako kabalansitseni matayala onse anayi. Zikapitirira, masulani tayala muone bowo la pakati pa rimu. Habu ya Toyota Vitz ndi mamilimita 54.1, pomwe marimu ambiri ogula padera ali ndi bowo la 73.1. Mpata umenewu ungachititse kuti tayala lisakhale pakati penipeni. Mankhwala ake ndi timphete ta pulasitiki kapena aluminiyamu totseka mpatawo.

Onaninso manati. Akale aja mwina sakukhazikika bwino pa rimu yatsopano, ndipo amamasuka galimoto ili pa liwiro. Amangeni modumphitsa ili pa jeke, mumalize ili pansi, ndipo mukayenda makilomita 50 mangitsaninso. Tayala likaguluka pa M1, ovulala simukhala inu nokha.